Eni Ake a 6 Julayi

Anthu amene anakhamukira ku bwalo la ndege la Chileka Lamulungu, pa 6 Julayi 1958, sankatsimikiza kuti munthu amene ankamudikirayo atsikadi m'ndege. Anali atagwiritsidwa kale fuwa la moto kawiri. Ulendo wina inamveka mphekesera yakuti Dr. Hastings Kamuzu Banda ali m'ndege ya kampani ya BOAC yomwe inali itangotera, khamu linafuna kuithamangira, apolisi analitsekereza, panabuka chipwirikiti, koma mwini wakeyo munalibemo. Tsono pamene anatulukiradi tsikulo, atakhala kunja zaka pafupifupi 42, chisangalalo chinasakanikirana ndi kupuma kwa anthu amene atula katundu wolemera. Anali atachoka ku Kasungu ali mnyamata, n'kudutsa ku South Africa, ku America, ku Scotland, ku England ndi ku Ghana. Chichewa chinali chitamuuma pakamwa, moti polankhula kwa anthu ake ankadalira womasulira.

Palibe mlosi amene analozeratu tsikuli. Ulendowo ukanapanda kuzengereza, bwenzi ana a sukulu lero akuloweza deti lina. Tsiku limene fuko lonse limalidziwa ngati dzina la mayi ake linabwera chifukwa cha kusintha kwa madongosolo a ulendo wa munthu mmodzi.

Koma zitachitika kamodzi mwangozi, zotsatirazo sizinalinso zangozi. Panadutsa zambiri: anthu anaphedwa ndi kumangidwa boma la atsamunda litalengeza za nthawi ya chiopsezo pa 3 Malichi 1959, Kamuzu anakakhala m'ndende ya Gwelo mpaka pa 1 Epulo 1960, chipani cha Malawi Congress chinapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha pa 31 Disembala 1963. Itakwana nthawi yoika tsiku la ufulu wodzilamulira, deti linali lija lomwe. Pakati pa usiku wolowera Lolemba, pa 6 Julayi 1964, pa bwalo la zamasewera la ku Blantyre lomwe lero limatchedwa Kamuzu Stadium, mbendera ya Britain inatsika pamaso pa Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth, ndipo inakwera ya mitundu itatu yokhala ndi dzuwa lotuluka. Pa 6 Julayi 1966 dziko linasanduka ripabuliki ya chipani chimodzi, nduna yaikulu n'kukhala pulezidenti. Pa 6 Julayi 1971 pulezidentiyo anakhala wamuyaya.

Kanayi konse deti limodzi. Aliyense amene anakula m'zaka zimenezo akukumbukira momwe tsikuli linkafikira: kuzizira kwa chiperoni, ana a sukulu atatha masabata akuyeserera zionetsero pabwalo, mbumba itavala nsalu ya nkhope ya Ngwazi, malole akutuntha anthu kuchokera m'maboma. M'mutu mwa mwana wa nthawi imeneyo, kubwera kwa munthu ndi kubadwa kwa dziko zinali chinthu chimodzi, ndipo kalendala inkachitira umboni. Kumeneku kunali kuchenjera kwa ndale kwenikweni. Munthu ukhoza kutsutsana ndi mawu a pamsonkhano, koma ndani angatsutsane ndi tsiku losindikizidwa ndi inki yofiira pakhoma la nyumba yake yomwe?

Chodabwitsa n'chakuti amene anapatsa dziko tsiku lobadwa analibe lake lodalirika. Boma linkati anabadwa pa 14 Meyi 1906, ndipo tsikulo ndi la tchuthi mpaka pano, koma akatswiri ambiri a mbiri yakale amati anabadwa cha m'ma 1898. Izi sizachilendo kwa munthu wobadwira kumudzi m'zaka zimenezo. Agogo ake a wolemba nkhani ino, akafunsidwa zaka, ankayankha kuti pa njala ya 1949 anali atabereka kale ana awiri, ndipo wofunsayo azidziwerengera yekha. Akuluakulu ankasunga nthawi ndi zochitika: chaka cha dzombe, chaka cha kadamsana, chaka chimene anyamata anapita ku nkhondo. Mwezi ankaudziwa ndi ntchito ya kumunda. Julayi inali nyengo yakuti chimanga chili m'nkhokwe, udzu wauma, mowa wa masanje ndi zinamwali zayandikira. Mu 2017, pamene boma linalemba anthu oposa mamiliyoni asanu ndi anayi kuti alandire ziphaso za unzika, okalamba ambiri anakumana ndi funso limene makolo awo sankaliona kufunika: munabadwa pa deti lanji?

Tsiku lomwelo limene Kamuzu ankakhala wamuyaya, ku New York, m'dera la Queens, kunamwalira munthu wina amenenso deti lake lobadwa linali lochita kutola. Louis Armstrong, woimba lipenga wa ku New Orleans, moyo wake wonse ankati anabadwa pa 4 Julayi 1900, tsiku la ufulu wa America m'chaka chosavuta kukumbukira. Patapita zaka atamwalira, m'kaundula wa ubatizo munapezeka kuti anabadwa pa 4 Ogasiti 1901. Anakulira mu umphawi wadzaoneni, ndipo lipenga analiphunzira bwino ali ku nyumba yosungirako ana olakwira malamulo. Kumwera kuno kwa Africa amakumbukika chifukwa mu 1954 anajambula Skokiaan, nyimbo ya August Musarurwa wa ku Bulawayo, mzinda umene amuna ambiri a ku Nyasaland ankagwirako ntchito. Nayenso Frida Kahlo, wojambula zithunzi wa ku Mexico, anabadwa pa 6 Julayi 1907, koma ankauza anthu kuti ndi wa 1910, chaka chimene nkhondo yosintha ulamuliro wa dziko lake inayamba. Ankafuna kuti iye ndi Mexico watsopanoyo akhale a msinkhu umodzi. Anthu atatuwa sanakhalepo pa mphasa imodzi, koma onse anazindikira kuti deti limalankhula, ndipo aliyense mwa njira yake analiphunzitsa zonena.

Mawayilesi ndi manyuzipepala amakonda kuwerenga m'ndandanda wa zomwe zinachitika pa tsiku ngati lalero. Wa pa 6 Julayi ndi wautali. Dalai Lama wa nambala 14 anabadwa pa tsikuli mu 1935 m'mudzi wa Taktser, ndipo anathawa kuchoka ku Tibet mu Malichi 1959, mwezi umene kuno anthu ankaomberedwa pa doko la Nkhata Bay. George W. Bush ndi Sylvester Stallone anabadwa tsiku limodzi, chaka chimodzi, 1946. Wina anakayambitsa nkhondo ya ku Iraq komanso thumba la PEPFAR lothandiza odwala Edzi, zonse mu 2003, winayo anadzaza timanyumba toonetsera mafilimu ta m'misika ndi Rambo. Wolemba mabuku William Faulkner anamwalira pa tsikuli mu 1962. Mu 2020 kunamwalira Ennio Morricone, wopeka nyimbo za m'mafilimu a makauboyi, tsiku limene ku Lilongwe mwambo wolonga Lazarus Chakwera unkachitikira ku Kamuzu Barracks pamaso pa anthu ochepa chifukwa cha Covid-19.

Munthu woganiza bwino ayenera kuvomereza kuti kukumana kwa mayina otere si chozizwitsa. Chaka chili ndi masiku 365 okha, ndipo zonse zimene zachitika pansi pano ziyenera kugawana timabokosi timeneti. A masamu amati pagulu la anthu 23, mwayi wakuti awiri akhale ndi tsiku limodzi lobadwa umaposa theka. Osewera mpira 22 ndi woyimbira mmodzi akwana kale. Ngakhale deti lenilenilo ndi lopanga anthu. Mu 1582 Papa Gregory XIII anakonza kalendala n'kudumphitsa masiku khumi, ndipo England inachita kudikira mpaka 1752 kuti itsatire. Choncho 6 Julayi ya zaka za m'ma 1400 ndi 1500, ikawerengedwa ndi kalendala ya lero, imagwera pakati pa mwezi.

Komabe m'ndandandawo ulibe mlandu ngati munthu sauyesa ula. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya basi ya ulendo wautali, imene imakhazika pa mpando umodzi anthu oti sakanakumana, ndipo pofika ku Ntcheu apezana kuti ali ndi nkhani imodzi.

Chaka cha 1957 chikusonyeza bwino zimenezi. Loweruka, pa 6 Julayi, Althea Gibson, mwana wa alimi osauka a ku South Carolina amene anakulira ku Harlem, anagonjetsa Darlene Hard n'kukhala munthu wakuda woyamba kupambana mpikisano wa tenisi wa Wimbledon. Mphotho anailandira m'manja mwa Mfumukazi Elizabeth, chonsecho kwawo kunali mahotela amene sakanamulola kugona. Masana omwewo ku Liverpool, mzinda umene Kamuzu anagwirako udokotala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, mnyamata wa zaka 16 dzina lake John Lennon ankaimba pa chisangalalo cha tchalitchi cha St Peter's ku Woolton, ndipo mnzake wina anam'bweretsera wa zaka 15, Paul McCartney. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri, pa tsiku lenileni la ufulu wa Malawi, filimu yoyamba ya gulu lawo la The Beatles inaonetsedwa koyamba ku London, Princess Margaret ali pomwepo. Banja lachifumu tsiku limenelo linagawana ntchito: mwamuna wa mfumukazi ku Blantyre kukapereka dziko, mng'ono wa mfumukazi ku kanema. Tsitsi lalitali limene anyamatawo anatchukitsa linadzaletsedwa ndi lamulo m'Malawi m'zaka za m'ma 1970, ndipo alendo ena ankametedwa pa bwalo la ndege asanaloledwe kulowa.

Pamene m'ndandandawo umaluma kwenikweni ndi pa mayina awiri akale kwambiri. Pa 6 Julayi 1415, mu mzinda wa Konstanz, wansembe wa ku Bohemia dzina lake Jan Hus anatenthedwa wamoyo. Ankalalikira m'chinenero cha anthu ake ku Prague ndipo ankadzudzula malonda a zikalata zokhululukira machimo. Anapita ku msonkhano waukulu wa mpingo atalonjezedwa ndi Mfumu Sigismund kuti palibe adzamukhudze. Atafika anamangidwa, anauzidwa kuti akane zimene ankaphunzitsa, anakana kukana, ndipo phulusa lake linatayidwa mu mtsinje wa Rhine kuti pasatsale manda oti anthu azikalirapo. Lero ku dziko la Czech 6 Julayi ndi tchuthi chokumbukira iyeyo. Pamene Lilongwe ikuvina, Prague imakumbukira moto.

Patapita zaka 120, pa deti lomwelo mu 1535, Thomas More anadulidwa mutu ku London. Anali loya, wolemba mabuku, nduna yaikulu yoona za malamulo, komanso bwenzi la Mfumu Henry VIII lodyera nayo m'mbale imodzi. Mlandu wake unali kukana kulumbira kuti mfumuyo ndiyo mutu wa mpingo ku England. Sanaukire, sanasonkhanitse asilikali; anangokhala chete, koma mfumu inamva chete ameneyo ngati mfuu. Chilungamo chimafuna kunenanso kuti More ali pa udindo anasaka anthu otsatira ziphunzitso zotsutsa mpingo wa Roma, ndipo ena anatenthedwa m'nthawi yake. Hus akanakhala wa m'badwo wake, More sakanamuchitira chifundo. Kalendala yawagoneka pa tsamba limodzi popanda kuwafunsa.

Mmalawi wowerenga za More sangalephere kuganiza za Orton Chirwa. Nayenso anali loya, woyamba wachikuda m'dziko muno kufika pa mlingo umenewo. Ndiye anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 Kamuzu ali ku Gwelo, n'kumusungira mpando mpaka atatuluka. Pa usiku wa mbendera uja anali nduna ya zachilungamo. Pa 7 Seputembala 1964, patangotha masabata asanu ndi anayi, anachotsedwa ntchito pamodzi ndi Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawowo, ndipo Henry Masauko Chipembere, yemwe anali ku Canada, anachitanso chimodzimodzi atabwerako. Zomwe ankadandaula zinali zogwirika: ndalama ya tiki imene odwala anayamba kulipiritsidwa m'zipatala za boma, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kokweza Amalawi pa maudindo omwe azungu ankagwira, ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, komanso khalidwe la nduna yaikulu lowatchula pagulu kuti anyamata ake. Chipembere ndi Chiume ndi ena mwa achinyamata amene analemba makalata oitana Kamuzu kuti abwere kudzatsogolera. Iwo ndi amene anakonza za ku Chileka.

Chipembere anafera ku America mu 1975. Yatuta Chisiza anaphedwa ndi asilikali mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida kudzera cha ku Mwanza. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa usiku wolowera Khirisimasi mu 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe, chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, kutatsala miyezi isanu ndi itatu kuti anthu avote pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu mayina amenewa sankatchulidwa pa chikondwerero cha 6 Julayi, kupatula potukwanidwa m'nyimbo. Wolemba nkhani ino amakhulupirira kuti tsikuli ndi lawo mofanana ndi mmene lilili la amene anatsika m'ndege uja, ndipo mwambo uliwonse umene suwatchula ndi wopereŵera.

Malawi si yokha imene ukwati wake wa ufulu unasokonekera nsima isanazizire. Zilumba za Comoros, kutsidya kwa nyanja kuchokera ku gombe la Mozambique, nazo zimakondwerera ufulu pa 6 Julayi. Ahmed Abdallah analengeza kuti zachoka m'manja mwa France mu 1975, ndipo pa 3 Ogasiti, patatha masiku 28 okha, anagwetsedwa. Chilumba cha Mayotte chinatsalira ku France mpaka lero. Ku Nigeria, 6 Julayi 1967 ndi tsiku limene asilikali a boma anayamba kuthira nkhondo chigawo cha kum'mawa, chimene Odumegwu Ojukwu anali atachilengeza kuti ndi dziko la Biafra pa 30 Meyi. Nkhondoyo inatha mu Januwale 1970. Tanzania ya Nyerere ndi Zambia ya Kaunda anali m'gulu la mayiko asanu okha amene anavomereza Biafra ngati dziko. Amene anafa, malinga ndi akatswiri ambiri, ndi oposa miliyoni imodzi, ndipo ochuluka sanafe ndi zipolopolo. Misewu ndi madoko zitatsekedwa, njala inalowa, ndipo zithunzi za ana otupa mimba, a tsitsi lofiirira, zinazungulira dziko lonse lapansi.

Apa ndi pamene wowerenga wodekha amayamba kuona chinthu chimene m'ndandanda wa pawayilesi sutsindika. Mitu ya nkhani za tsikuli ndi mafumu, mapulezidenti ndi akazembe a nkhondo, koma pansi pa mitu imeneyo padzaza ana.

Mmodzi mwa iwo ndi Joseph Meister, wa zaka zisanu ndi zinayi, wa ku chigawo cha Alsace. Pa 4 Julayi 1885 galu wachiwewe anamugwetsa pansi n'kumuluma malo khumi ndi anayi. Masiku amenewo mawu akuti chiwewe anali chiweruzo cha imfa. Mayi ake sanakhale pansi kudikira. Anamutenga pa sitima mpaka ku Paris, kukafunafuna katswiri wina amene ankamveka kuti akuyesa mankhwala pa agalu. Anafika kwa Louis Pasteur Lolemba, pa 6 Julayi.

Pasteur anali ndi zaka 62, ndipo sanali dokotala wa anthu. Anali katswiri wa sayansi ya mankhwala ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Njira yake inali yotere: ankapatsira chiwewe akalulu, akafa n'kuchotsa mtsempha wa m'fupa la msana, n'kuupachika m'botolo la mpweya wouma. Mtsemphawo ukamauma, mphamvu ya matenda inkachepa tsiku ndi tsiku. Galu akabayidwa woumitsitsa kaye, kenako wouma pang'ono, mpaka kufika pa wauŵisi, thupi lake linkaphunzira kulimbana ndi matendawo. Chomwe chinkapereka mpata ndi chakuti chiwewe sichifulumira. Kachilombo kake kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kuchokera pa bala kupita ku ubongo, kwa masabata kapena miyezi, ndipo katemera akhoza kukapitirira panjira.

Kuyesa zimenezi pa mwana wa eni ake inali nkhani ina. Mwanayo akanafa, Pasteur akanaimbidwa mlandu. Anafunsa madokotala awiri, iwo anaona mabalawo n'kuvomereza kuti ayese, ndipo madzulo a tsiku lomwelo Dr. Jacques-Joseph Grancher anabaya jakisoni woyamba. Anakwana khumi ndi atatu m'masiku khumi ndi limodzi, womaliza ali wa mphamvu yoti akanapha munthu wosatetezedwa. Joseph sanadwale. Atakula anagwira ntchito ya ulonda pa Institut Pasteur, malo a kafukufuku amene anatsegulidwa mu 1888 ndi ndalama zosonkha anthu atamva za katemerayo, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1940. Mbiri imatchula Pasteur, ndipo n'koyenera. Koma ulendo wa ku Paris unayamba ndi mayi wa kumudzi amene anakana kuyamba kulira maliro mwana akupuma.

Nkhaniyi si yakutali ndi kuno. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati chiwewe chimaphabe anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15. Ana ndi amene amasewera ndi tiagalu, ndi aafupi moti amalumidwa kumaso ndi m'khosi kufupi ndi ubongo, ndipo kawirikawiri amabisa bala poopa kukalipiridwa. Madokotala a ana pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre analemba za kuchuluka kwa ana omwe ankafika zizindikiro zitayamba kale, akuopa madzi, pamene palibenso chimene dokotala angachite. Zimenezi ndi zina mwa zomwe zinakokera bungwe la Mission Rabies ku Blantyre mu 2015, komwe linabaya katemera agalu oposa 35,000 m'masiku makumi awiri. Chiwerengero chimene amafuna ndi agalu asanu ndi awiri mwa khumi alionse, chifukwa pamenepo matenda amasowa podumphira. Kwa wolumidwa, malangizo sanasinthe: kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi khumi ndi zisanu, kenako kuthamangira ku chipatala tsiku lomwelo. Pokumbukira jakisoni wa Joseph Meister, 6 Julayi inasankhidwa kukhala tsiku loganizira matenda ochokera ku nyama kupita kwa anthu, ngakhale kuno mawu ake amamira m'phokoso la ng'oma za ufulu.

Lolemba linanso, pa 6 Julayi 1942, m'mawa kukugwa mvula ku Amsterdam, mtsikana wa zaka 13 anatuluka m'nyumba ya makolo ake atavala zovala zambirimbiri pamwamba pa zinzake, chifukwa Myuda wonyamula sutikesi akanakayikiridwa. Dzulo lake mkulu wake Margot anali atalandira kalata yomuitana ku ntchito ya kalavulagaga ku Germany. Anne Frank ndi banja lake anakabisala m'zipinda za kuseri kwa ofesi ya bambo ake pa Prinsengracht 263. Anakhalamo zaka ziwiri ndi mwezi umodzi, anthu asanu ndi atatu, osaponda panja, masana akuyenda monyang'ama kuti ogwira ntchito pansi asamve. Anagwidwa pa 4 Ogasiti 1944. Anne ndi Margot anafera ku msasa wa Bergen-Belsen kumayambiriro kwa 1945. Mwa asanu ndi atatuwo anapulumuka ndi bambo okha, Otto, amene anadzasindikiza zimene mwana wawo ankalemba m'kabuku kake.

Dziko limadziwa dzina la Joseph chifukwa anachira m'manja mwa munthu wotchuka, ndipo limadziwa la Anne chifukwa analemba. Ana a ku Biafra anatsala m'zithunzi zopanda mayina.

Lachinayi, pa 6 Julayi 2017, Malawi inkakwanitsa zaka 53. Bwalo la Bingu National Stadium ku Lilongwe, lomangidwa ndi ngongole ya ku China, linali litangotsegulidwa mu Januwale chaka chomwecho, ndipo kwa ana ambiri a ku Area 49, Mtandire, Senti ndi madera ena oyandikana nalo, limeneli linali tsiku loti akaone mkati mwake ndi maso awo. Pa ndondomeko panali mpira wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Anthu analawirira m'mamawa kuzizira kuli tsitsi, ana ambiri atabwera okha kapena ndi anzawo, monga amachitira pa tsiku la tchuthi. Mageti anachedwa kutsegulidwa ndi maola angapo, khamu linkangokulirakulira, akumbuyo akukankha osadziwa zimene akutsogolo akukumana nazo. Amene analipo anati apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi pofuna kubweza anthu. Pothawa utsiwo anthu anagwetsana ndi kupondana, ndipo pansi pa miyendo ya akuluakulu panatsala aafupi.

Anafa anthu asanu ndi atatu, asanu ndi awiri mwa iwo anali ana. Ovulala ochuluka anatengeredwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Pulezidenti Peter Mutharika, amene ankayembekezeka ku bwaloko, sanapiteko. Masana bwalo linadzaza ndipo mpira unaseweredwa.

Panalibe mfumu yankhanza pa geti limenelo, panalibe nkhondo kapena galu wachiwewe. Panali khomo lotseka, ola losasungidwa, ndi akuluakulu amene sanawerengere kuti pa chikondwerero cha dziko limene theka la anthu ake ndi ana, oyamba kufika pamzere adzakhala anawo. Zimenezi zinali zotheka kupewa, ndipo n'chifukwa chake zimapweteka mwa mtundu wina. Chaka chilichonse tsikuli likafika pamakhala mapemphero, perete wa asilikali ndi zolankhula za momwe dziko layendera kuchokera mu 1964. M'makomo asanu ndi atatu a mu Lilongwe ndi madera ozungulira, deti lofiira la pa kalendala lija limawerengedwa mosiyana: akanakhala ali fomu yakuti, akanakhala atatalika kuposa bambo ake, nsapato zimene anavala m'mawa umenewo zinabwera zokha m'jumbo kuchokera ku chipatala.